Mwana wa ku Geisha tampatsa khomo limodzi lokha

Ku England, dziko lomwe ambirife timadziwa mayina a osewera ake kuposa dzina la khansala wathu, kuli munthu mmodzi yekha amene adakhalapo kaputeni wa timu ya dziko ya mpira wamiyendo komanso kaputeni wa timu ya dziko ya cricket. Musavutike kuganiza za Beckham kapena Harry Kane. Dzina lake ndi Reginald Erskine Foster, ngakhale anzake ankangomuti Tip. Adamwalira mu 1914, ndipo zaka zoposa 110 zadutsa popanda wina wochita zomwe iye adachita.

Mwina mukudabwa kuti mzungu wakale chonchi akufuna chiyani pafoni panu, bandulo ikutha. Dekhani pang'ono. Nkhani ya munthuyu ikukhudza mwana amene akuthamangitsa chikulunga kuseri kwa nyumba yanu ku Geisha, komanso mlongo wake amene akusewera fulaye pamsewu.

Foster adabadwa pa 16 April 1878 m'tauni ya Malvern. Bambo ake adali mbusa komanso mphunzitsi pasukulu yogonera komweko ya Malvern College. M'banjamo mudali anyamata 7, ndipo onsewo adasewererako timu ya cricket ya chigawo cha Worcestershire, mpaka anthu adayamba kuchitcha chigawocho kuti Fostershire. Tangoganizani banja limodzi la ku Geisha litatulutsa osewera 7 a Moyale Barracks. Bwenzi anthu akunong'onezana kuti pakhomopo pali chizimba.

Pa mpira wamiyendo, Tip ankasewera kutsogolo. Adavala yunifolomu ya England kasanu pakati pa 1900 ndi 1902, n'kumwetsa zigoli zitatu. Pamasewero ake omaliza, omwe adasewera ndi Wales ku Wrexham mu March 1902, iye ndiye adali kaputeni, ndipo adalepherana 0-0. Kalabu yake idali Corinthians ya ku London, timu ya anthu omwe ankasewera osalandira malipiro. Timu yomweyi mu 1904 idakwapula Manchester United 11-3. Anzathu a Man U musandide, ndangodutsamo.

Koma dzina lake lenileni adalipangira ku cricket. Kwa amene simudaonerepo: matimu amakhala awiri, osewera 11 mbali iliyonse. Wina amaponya mpira wolimba ngati mwala kulunjika timitengo titatu, wina amaima patsogolo pa timitengoto ndi thabwa lomenyera, lomwe amati bat. Akaumenya mpirawo, iye ndi mnzake amathamanga kusinthana malo, mtunda wa mamita 20, ndipo kusinthana kumodzi ndi run imodzi. Akaumenya mpaka kutuluka m'bwalo amapata ma run anayi kapena 6 nthawi imodzi. Munthu akafika ma run 100 asadatulutsidwe, ndiye kuti watchuka tsiku limenelo.

Mu December 1903 ku Sydney, pamasewero ake oyamba enieni kusewerera England m'mipikisano ikuluikulu yotchedwa Test, Foster adamenya ma run 287 polimbana ndi Australia. Mpaka lero palibe amene adaposa pamenepo pa Test yake yoyamba. Padatenga zaka 112 kuti mlendo wina amenye ma run oposa amenewa panthaka ya Australia, ndipo adali Ross Taylor wa ku New Zealand yemwe adafika 290 mu 2015. Mu 1907 Foster adatsogolera England pa ma Test atatu ndi South Africa. Adapambana amodzi, awiri adathera pakulepherana.

Chodabwitsa n'chakuti munthu wa luso lotere adangosewera ma Test 8 moyo wake wonse. Ankagwira ntchito pamsika wa masheya ku London, ndipo atamupempha kuti atsogolere timu paulendo wina wa ku Australia kumapeto kwa 1907, adakana chifukwa cha bizinesi. Matenda a shuga adamutenga pa 13 May 1914 ali ndi zaka 36, patatsala zaka 8 kuti madokotala ayambe kubaya odwala mankhwala a insulin.

Tsono anthu akamakamba za Foster amakonda kunena kuti adali ndi mphatso yapadera, ya anthu obadwa kamodzi pa zaka 100. Ine sindikutsutsa za mphatsoyo, koma ndikuona kuti tikamaima pomwepo tikudzinamiza. Mnyamatayu adakulira pasukulu pomwe bwalo la cricket lidali pakhomo, bwalo la mpira lidali pakhomo, ophunzitsa adali pakhomo. Dzinja likafika ankasewera mpira, chilimwe chikabwera ankatenga bat. Atapita ku yunivesite ya Oxford adaimirira sukuluyo pa cricket, mpira, gofu ndi masewero ena a mpira womenyetsa kukhoma otchedwa rackets. Palibe tsiku lomwe adafunsidwa kuti asankhe ali ndi zaka 9. Makomo onse adali otsekula, iye ankangolowa n'kutuluka mpaka adapeza zipinda ziwiri momwe adali mfumu.

Ndipo tinene zoona zake, ngakhale ukaputeniwo udali ndi fungo la ndalama. Masiku amenewo ku England osewera cricket adagawidwa pawiri. Ana a anthu olemera, omwe ankasewera mongosangalala, ankatchedwa Gentlemen. Ana a anthu wamba, omwe ankasewera kuti adye, ankatchedwa Players, ndipo m'mabwalo ena ankavalira m'zipinda zosiyana. Ukaputeni wa dziko unkapita kwa a gulu loyambalo, moti England idadikira mpaka 1952 kuti iperekenso udindowu kwa munthu wolandira malipiro, Len Hutton. Ndiye kuti m'migodi ndi m'mafakitale a ku England mudali a Tip Foster ena ambiri omwe palibe adawalemba m'buku, chifukwa bambo awo sadali aphunzitsi a pa Malvern College.

Apa m'pamene nkhaniyi ikufikira kwathu. Fikani pabwalo lililonse la m'dera lathu lino Loweruka masana. Pakati pa bwalo pali akuluakulu a masoshozi, kapena timu ya achinyamata yomwe ikukonzekera bonanza. Ana aamuna akankhidwira kungodya ndi chikulunga chawo. Atsikana ali uko kumitengo iwiri ya ntchemberembaye, ngati mitengoyo ilipo. Basi, masewero athera pomwepo. Mwana wamwamuna wa ku Geisha, Mchengautuwa, Chibavi kapena Masasa ali ndi khomo limodzi lotchedwa mpira wamiyendo. Wamkazi ali ndi limodzinso lotchedwa mpira wamanja. Amene miyendo yake ndi yolemera timamuuza kuti masewero si mbali yake, akakhale wochemerera kapena wotola mpira ukagwera m'chimanga cha eni.

Komatu mwana yemweyo, amene satha kuchenjeretsa mnzake ndi mpira kumapazi, mwina ndi amene amagenda bango lili kunsonga n'kuligwetsa ndi mwala woyamba. Mtsikana amene pa fulaye anzake amathawa akagwira mpira, chifukwa dzanja lake silphonya ndipo limapweteka, ali kale ndi theka la zomwe woponya mpira wa cricket amafunika. Amene amadumpha ndi kuzinda pakati pa fulayeyo ali ndi diso lomwe aphunzitsi a cricket kunjaku amalifunafuna ndi ndalama. Luso limeneli timaliona tsiku ndi tsiku, koma popeza mulibe chipinda choliikamo, limatha lokha mwana akafika Fomu 2.

Ngati mukuona ngati ndikukokomeza, kumbukirani ana awiri a ku Rumphi. Tabitha ndi Temwa Chawinga, malinga ndi kagawidwe kathu ka makomo, amayenera kukhala kumitengo ya ntchemberembaye. Iwo adakankha khomo lomwe silidali lawo, kusewera ndi anyamata, anthu akuwanena. Lero Tabitha, kaputeni wa Scorchers, adakhalapo womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya ku Italy ali ku Inter Milan, n'kubwerezanso ku France ali ku PSG. Temwa mu 2024 adamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ali ku Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse. Akadamvera zoti mtsikana malo ake ndi awa, bwenzi dziko lonse litaluza osadziwa n'komwe kuti laluza. Ndipo ameneyo ndiye mtundu wa kuluza komwe kumandiopsa ine, kopanda maliro, kopanda wodandaula.

Naye Mwawi Kumwenda wa ku Mzimba adayamba ndi mpira wa mapepala apulasitiki, n'kudzasankhidwa wosewera bwino kuposa onse pa World Cup ya netball mu 2015. Mpikisanowo udachitikira ku Sydney, mzinda womwe uja Foster adamenyako 287. Mwawi adachita mwayi kuti khomo limodzi lomwe adapatsidwa lidapezeka kuti ndi lake lenileni. Si onse amene mwayi umawagwera chonchi.

Ndikudziwa zomwe ena mukunena kale mumtima: mapanga awiri avumbwitsa. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Masiku ano masewero ndi ntchito, ndipo munthu sangatumikire makochi awiri. Pamenepo mukunena zoona, ndipo umboni ulipo. Ellyse Perry wa ku Australia adasewerera dziko lake cricket ndi mpira wamiyendo ali ndi zaka 16 zokha mu 2007. Pa World Cup ya mpira wa amayi mu 2011 ku Germany adamwetsa chigoli chokongola polimbana ndi Sweden. Koma ligi zitayamba kulipira bwino n'kumafuna munthu nthawi zonse, adayenera kusiya chimodzi, ndipo adatsala ku cricket komwe ali mmodzi mwa akatswiri otchuka padziko lonse. Masiku a Foster, pomwe mpira unkatha cricket isadayambe, adapita ndipo sabwereranso.

Koma taonani bwino nkhani ya Perry. Iye adasankha atalawa zonse ziwiri, ali wamkulu, akudziwa komwe thupi lake ndi mtima wake zikukokera. Mwana wa ku Geisha sasankha. Timamusankhira asadabadwe, kenako tikumuuza mwambi wa mapanga awiri pomwe phanga lachiwirilo sadalionepo. Palibe amene akunena kuti wosewera wa Mzuzu City Hammers azithawa kokonzekera masewero kuti akamenye cricket. Tikunena za mwana wa Sitandade 4 mpaka Fomu 2, amene thupi lake likadali kufufuza chomwe lingathe.

Palinso masamu osavuta omwe achinyamata okonda kubetcha muwamvetsa msanga. Mu Super League muli matimu 16. Anyamata omwe akulota zolowamo, kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ndi osawerengeka, ndipo pa Flames malo oyamba ndi 11 okha. Mzere umenewu ndi wautali kuposa wa mafuta. Pomwe ku cricket, Malawi ili ndi timu ya dziko ya abambo ndi ya amayi, koma osewera ndi ochepa kwambiri. Dziko lino lidalowa kale m'bungwe loyendetsa cricket padziko lonse la ICC. Kuyambira mu 2019, masewero aafupi a T20 omwe timu ya abambo imasewera ndi maiko ena amawerengedwa ngati masewero enieni a pakati pa maiko, chimodzimodzi a India kapena England. Mu November chaka chomwecho tidalandira Mozambique pa Kwacha Cup n'kupambana. Mu 2024 ku Dar es Salaam, anyamata athu adamaliza pa nambala 2 kumbuyo kwa Tanzania n'kupitirira m'ndime yomaliza ya mu Africa yolimbirana malo ku World Cup ya T20. Ndi angati mwa ife adazimva zimenezi? Ndipo mu 2028 ku Los Angeles cricket ikubwerera ku Olympics, komwe idaonekera komaliza mu 1900, chaka chomwe Foster adayamba kusewerera England mpira. Sindikunena kuti Malawi ikapezekako ayi, malo ndi ochepa zedi. Ndikungoti masewero omwe timawaona ngati a amwenye ndi azungu a m'makalabu akukula, ndipo njira yofikira pa yunifolomu ya dziko ndi yaifupi kumeneko.

Maganizo oti cricket ndi ya eni ake ali ndi pochokera. Idabwera kuno ndi atsamunda n'kukhala kuseri kwa mipanda ya makalabu a ku Blantyre, Limbe ndi Zomba, pomwe mpira wamiyendo udatuluka kudzera m'sukulu za mishoni n'kufika m'mudzi uliwonse. Ngakhale Kwacha Cup ija idaseweredwa m'mabwalo a ku Lilongwe ndi Blantyre. Koma mpanda si chilengedwe. Ku Zimbabwe, komwe agogo athu ambiri adatchonera, cricket idalinso ya azungu mpaka anthu adaitengera ku Highfield, dera la anthu wamba mumzinda wa Harare, komwe kuli kalabu ya Takashinga. Kumeneko kudachokera Hamilton Masakadza, yemwe adamenya ma run oposa 100 pa Test yake yoyamba mu 2001 ali ndi zaka 17. Kudachokeranso Tatenda Taibu, yemwe mu 2004 adakhala kaputeni wa Zimbabwe ali ndi zaka 20, wamng'ono kuposa kaputeni wina aliyense wa Test panthawiyo. Ana a ku Highfield sadali ndi magazi osiyana ndi a ku Geisha. Wina adangowapititsira bat kusukulu ya pulaimale.

Za ukaputeni wa cricket ndikanakonda makolo ndi aphunzitsi atazimvetsa, chifukwa n'zosiyana ndi za mpira. Ku mpira kaputeni amavala kansalu pamkono, amasankha goli, amakalankhula ndi oimbira zikavuta, koma mapulani amachokera kwa kochi amene akukuwa pamzere. Ku cricket masewero akayamba kochi amakhala pansi. Kaputeni ndiye amasankha woponya mpira, nthawi yomusintha, ndi pomwe aliyense wa anzake 9 otsalawo aime, ndipo amasintha zimenezi malinga ndi amene akumenya. Akalakwitsa, aliyense amaona kuti walakwitsa ndi iye. Mwana wa zaka 13 amene wazolowera kusenza katundu wotere Loweruka lililonse akuphunzira chinthu chomwe sichili m'buku lililonse la Life Skills.

Nanga ndalama? Ili ndiye funso lomwe limapha nkhani iliyonse kuno kwathu isadayambe. Zida za cricket yeniyeni n'zodula, palibe kubisa: zipewa zolimba, zotchingira miyendo, mipira yachikopa. Koma ana a ku Karachi ku Pakistan sayambira pamenepo. Amatenga mpira wa tenisi, kuukulunga ndi tepi ya magetsi ija timagula pa hardware, n'kumasewera mumsewu, timitengo tawo tili kreti ya zakumwa kapena njerwa zosanjikiza. Akatswiri ambiri oponya mpira mwaliwiro a dzikolo adayambira pomwepo. Lembani "tape ball cricket" pa YouTube kapena TikTok muone nokha. Ife amene tidatha kupanga mpira ndi majumbo ndi zingwe, tingalephere tepi? Bat yoyambira, kalipentala aliyense wa ku Geisha angaiseme ndi chidutswa cha thabwa la paini chotsala popanga bedi, ndipo matabwa kuno ku Mzuzu si nkhani. Ngakhale nyengo yathu, kuzizira ndi mvula yowaza ija imatitopetsa mu June, ndi yomwe ija ya kwawo kwa Foster. Kapinga amamera yekha kuno.

Chomwe chikusowa kwenikweni ndi malo komanso munthu wamkulu mmodzi woyambitsa. Pa malo m'pamene pali nkhondo. Aliyense wokhala ku Geisha akudziwa momwe nyumba zikumerera, ndipo pomwe ana ankasewera zaka zisanu zapitazo lero pali maziko kapena mpanda wa njerwa. Poduladula mapuloti palibe amene amaimirira kunena kuti apa pokha tisiyire ana, chifukwa bwalo silibweretsa lendi. Mzuzu Youth Centre takhala tikuimva m'malonjezo kwa zaka zoposa 10, ndipo ana omwe adali ku pulaimale nkhaniyi ikuyamba pano ena ali ndi ana awo. Ngakhale itatha mawa, mwana wa zaka 10 sangamalipire kabaza tsiku lililonse kupita kutauni kukasewera. Bwalo lomwe limasintha moyo wa mwana ndi lomwe angafikeko wapansi, osavala nsapato, amayi ake akumuona.

Kusukulu nako, maphunziro olimbitsa thupi adalowetsedwa mu Expressive Arts pamodzi ndi nyimbo, zojambula ndi zina, ndipo tonse tikudziwa zomwe zimachitika mayeso a Sitandade 8 akayandikira. Mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 m'kalasi akawatulutsa panja amangoponya mpira umodzi kwa anyamata, wina kwa atsikana, iye n'kukhala pamthunzi kuchonga makope. Sindimuda, nanga atani? Koma mphunzitsi yemweyo atapatsidwa maphunziro a masiku awiri, mipira ya tenisi isanu ndi mabat awiri, ana 40 omwe amangoima m'mbali aja akhoza kukhala ndi chochita. A Cricket Malawi, ngati akufunadi kuti timu ya dziko ikhale ya dziko lonse, mzinda wa Mzuzu asamauone ngati kokacheza. Ayambire m'sukulu za pulaimale za m'madera ngati lathu lino, komwe kuli ana ambiri, osati kumene kuli kapinga wometedwa bwino.

Ndipo inu achinyamata a m'magulu a WhatsApp a m'dera, amene mumatha kusonkha ndalama ya jezi za masoshozi pasabata imodzi, nkhani ya bwalo ili m'manja mwanu kuposa momwe mukuganizira. Andale akabwera ndi bonanza, chikho chimakhala cha mpira wamiyendo ndi wamanja basi, chaka ndi chaka, chifukwa palibe amene adawapemphapo china. Komiti ya sukulu ndi mafumu a m'mabuloko amagawa nthawi ya bwalo kwa amene wabwera kudzapempha. Pakadali pano opempha ndi matimu a akuluakulu ndi mipingo yofuna kuchititsa misonkhano. Loweruka m'mawa, kuyambira 7 koloko mpaka 10 koloko, mabwalo ambiri amakhala opanda munthu, mame okhaokha. Maola atatu amenewo akukwana masewero athunthu a T20.